Kuyenda, kupalasa kapena treadmill: chimene chimafikadi pamtima ukadwala sitiroko

Nditatuluka m'chipatala, aliyense wobwera kudzandizonda ankayang'ana mkono ndi mwendo wanga wakumanzere. Inenso maso anali pomwepo. Za mtima ndi mapapo panalibe amene ankazitchula, mpaka tsiku limene ndinayesa kukwera kachitunda ka kuseri kwa nyumba yathu. Masitepe khumi sanakwane, befu anandigwira ngati ndathamangitsa minibasi. Koma tsiku lotsatira, ndikuyenda pamalo athyathyathya, mwendo unalema pasanathe mphindi zisanu, ndipo nditagwira pamtsempha wa pamkono ndinapeza mtima ukugunda ngati wa munthu amene wangokhala pampando. Zinthu ziwiri zimenezi zinandizunguza nthawi yaitali. Ndikulembera inu anzanga amene matendawa anakupezani, ndi inu amene mukusamalira mayi, bambo kapena amuna anu pakhomo, kuti musataye miyezi imene ine ndinataya.

Ofufuza akayeza kuchuluka kwa okosijeni amene thupi limatha kukoka ndi kugwiritsa ntchito likamalimbika mpaka pothera mphamvu, amapeza kuti ife a sitiroko timafika pafupifupi theka la anzathu a msinkhu womwewo, ngakhale aja osachita masewera alionse. Pomwepo kuyenda kokoka mwendo kumadya mphamvu zambiri, nthawi zina kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi kuyenda kwa munthu wabwinobwino. Nkhokwe yatsika kufika pakati, koma pakamwa pofuna kudya pachuluka. Zifukwa zake si zachilendo. Masabata ogona pamphasa amafooketsa mtima. Minofu ya mbali yodwala imafota ndipo imatopa msanga. Ngakhale minofu yopumira imakhudzidwa, moti chifuwa cha mbali yodwalayo sichitukuka mokwanira ukamakoka mpweya. Ndipo ambiri mwa ife sitiroko inatipeza mtima uli kale ndi vuto, kaya chifukwa cha BP ya zaka zambiri, shuga, kapena kugunda modumphadumpha.

Mtima sulimba ndi befu wa mphindi imodzi pachitunda. Umafuna kugwira ntchito yapakatikati kwa nthawi yotalikirapo osadukiza. Malangizo amene bungwe la ku America loona za mtima la American Heart Association linatulutsa mu 2014 okhudza anthu a sitiroko amanena za masiku atatu mpaka asanu pamlungu, mphindi 20 mpaka 60 patsiku, ndipo amalola kuzidula m'zigawo za mphindi khumi khumi. Choncho muyeso wanga poyerekeza njira zonsezi ndi umodzi: ndi iti imene imalola mtima kukwera n'kukhala pamenepo mwendo wodwala usanagonje?

Ndiyambe ndi kuyenda pansi, chifukwa ndi kumene tonse timayambira ndipo sikulira ndalama. Ubwino wake palibe wotsutsa. Ukafuna kuyenda bwino uyenera kuyenda, ndipo palibe makina amene angakuphunzitse kudumpha ngalande, kupewa mwala, kapena kupatuka kabaza akaliza belu kumbuyo kwako. Mafupa amalimbanso chifukwa akunyamula thupi. Koma pankhani ya mtima, kuyenda kunandinamiza. Ndinkabwerako nditatopa kwambiri n'kumaganiza kuti ndachita mafizo amphamvu, pomwe chotopa chinali ntchafu, msana ndi mutu umene unkawerengera phazi lililonse poopa kugwa. Munthu wamantha sangathamangitse miyendo. Amayenda pang'ono, n'kuima, n'kupereka moni kwa anansi, n'kuyambanso, ndipo mtima umakwera pang'ono n'kutsikanso. Nyengo ya mvula ikafika, matope amakutsekera m'nyumba masabata angapo, ndipo mu Okutobala dzuwa likakwera pang'ono chabe thukuta limatha madzi m'thupi. Kwa amene mwendo wake wabwerera ndithu, woti angayende mwandawala mphindi 20 osaima, kuyenda kumakwanira, makamaka pabwalo la mpira kapena la sukulu m'mawa kusanatenthe. Kwa ife oyenda mokoka, kuyenda kumaphunzitsa mwendo koma mtima kumangousisita.

Njinga yopalasa pamalo amodzi ndi imene inanditsegula maso. Ukakhala pachishalo, nkhawa ya kugwa imachoka, ndipo mwendo wodwala sufunikanso kunyamula thupi lonse pawokha. Mapedulo ndi olumikizana, moti mwendo wabwino ukakankha, wodwala umazungulira nawo. Tsiku loyamba kumene ndinapalasa mphindi zisanu ndi zitatu osaima, chinthu chimene poyenda sindinkachikwanitsa, ndipo ndinamva kupuma kukukwera pang'onopang'ono n'kukhazikika, osati kundigwira pakhosi ngati pachitunda paja. Patatha miyezi iwiri, kugunda kwa mtima ndikangodzuka m'mawa kunali kutatsikako, ndipo ndinkatha kusamba n'kuvala osakhala kaye pansi kuti ndipume. Chimasintha si mtima wokha. Minofu imaphunzira kukoka okosijeni wambiri m'magazi omwewo, ndiye ntchito imene inkakuthetsa mpweya imayamba kutheka mtima usanafike patali.

Njingayi ili ndi misampha yake, ndipo ndiyenera kuinena bwinobwino. Woyamba ndi wakuti mwendo wabwino umatha kugwira ntchito yonse, wodwala n'kumangokwera ulele. Mtima umapindulabe, koma mwendo sukuphunzira kanthu. A fiziyo anandiuza kuti mphindi iliyonse yachitatu ndiziika maganizo onse pamwendo wakumanzere, kuukankhitsa dala. Wachiwiri ndi phazi. Limaterereka pa pedulo, kapena kakolo amapindikira m'kati, choncho limafunika kumangidwa. Ine ndimagwiritsa ntchito lamba wodula ku chubu chakale, womanga mosathina. Bondo nalo limakonda kugwera kunja, ndipo likamatero tsiku ndi tsiku chiuno chimayamba kuwawa. Wachitatu ndi kukwera ndi kutsika, pamene pali ngozi yeniyeni kuposa popalasa penipenipo. Njinga ya mpando wotsamira, imene mapedulo ake ali kutsogolo, ndi yabwino kwambiri kwa munthu amene thupi limapendekera mbali imodzi, ngakhale imasowa. Zachishalo chapamwamba zimapezeka mwa apo ndi apo kwa ogulitsa katundu wakale wochokera kunja. Ena amapita ndi njinga yakapalasa kwa owotcherera zitsulo kuti aipangire choimikira chokweza tayala lakumbuyo. Zimatheka, koma onetsetsani zinthu ziwiri: choimikiracho chikhale chotambalala kuti njinga isapendeke, ndipo pakhale chogwira tayala kuti lizilemera. Tayala longozungulira m'malere silipatsa mtima ntchito.

Ndinene poyera kuti kupalasa sikunandiphunzitse kuyenda. Mpweya unabwera, koma phazi linkakokabe pansi monga kale. Zimenezi zinandikhumudwitsa poyamba, mpaka nditazindikira kuti tsopano ndikapita koyenda ndimatha kuchita nthawi yaitali chifukwa sindikulimbananso ndi befu.

Treadmill, makina aja a lamba woyenda yekha, ndi amene pamapepala amaoneka opambana onse, chifukwa amaphatikiza zonse ziwiri: ukuyenda, ndipo lamba sakulola kuima kuti upereke moni. Kafukufuku wa Richard Macko ndi anzake ku Baltimore, ku America, amene anatuluka mu 2005, anatenga anthu amene anadwala sitiroko kale n'kuwayendetsa pamakinawa katatu pamlungu kwa miyezi isanu ndi umodzi. Mphamvu ya thupi yogwiritsa ntchito okosijeni inakwera ndi 17 peresenti, pomwe kwa anzawo amene ankangowongola ziwalo ndi kuyenda pang'ono inakwera ndi 3 peresenti yokha. Mtunda umene ankayenda m'mphindi zisanu ndi imodzi unakulanso. Chimene chimandilimbitsa mtima pa kafukufukuyu n'chakuti anthuwo sanali odwala dzulo. Mawu aja akuti pakatha miyezi isanu ndi umodzi basi zatha, pankhani ya mtima ndi mapapo si oona.

Ine ndinayesa treadmill kangapo pa jimu ina m'tauni. Lamba amakukakamiza kuponya phazi lodwala pa nthawi yake, ndipo liwiro limaoneka pagalasi, moti mlungu uno ukadziwa pamene unali, wamawa ukhoza kuwonjezera pang'ono kapena kukweza kachitunda. Kugunda kwa mtima kunakwera msanga kuposa panjinga. Koma ndinaona mavuto atatu. Ndinkagwira chitsulo cham'mbali mwamphamvu kwambiri ndi dzanja labwino, ndipo kufinya kotere kumakweza BP pomwe kukuchepetsa ntchito ya miyendo. Makina ambiri a m'majimu anapangidwira anthu othamanga, ndipo liwiro lawo loyambira limatha kukhala lalikulu kale kwa ena mwa ife. Ndipo tsiku lina magetsi anazima ndili pakati, lamba n'kuima mwadzidzidzi. Mwana wanga anali pambali n'kundigwira, koma kuyambira pamenepo sindikwerapo popanda munthu kumbali yakumanzere ndi kachingwe kozimitsira makina katakoledwa pamalaya. M'zipatala zina za mafizo amakumangirira malamba ochokera pamwamba kuti usagwe, ndipo pamenepo nkhani ndi ina. Mukawonjezera ndalama ya jimu ndi ya minibasi katatu pamlungu, mudzaona chifukwa chake ndinasiya. Amene muli nawo pafupi makinawa, ndipo pali wokuyang'anirani, musawanyoze. Kwa ife oyenda mokoka, pa njira zitatuzi, ndi okhawa amene amalimbitsa mtima ndi kayendedwe nthawi imodzi.

Pali njira zina ziwiri, ndipo ndizidutsa msanga. Makina opukusa ndi manja amathandiza amene ali pachikuku, koma ntchito ya manja imakweza kugunda kwa mtima ndi BP kuposa ya miyendo, ndipo phewa lodwala likakhala lolekera, kulipukusa mokakamiza kumalivulaza. Madzi amapeputsa thupi ndipo kuyenda m'dziwe lofika m'chiuno n'kokoma, koma m'madzi mtima umagunda motsikirako, ndiye kuwerenga kugunda kumasocheretsa. Amene sitiroko inawasiyira kukomoka ngati khunyu asalowe m'madzi popanda chilolezo cha dokotala, ndipo kwa a kunyanja, likodzo likadalipo m'madoko ambiri.

Mulimonse mungasankhe, muyenera kudziwa ngati mtima wafika pamene ukufunika. Njira ya masamu ili motere. Chotsani zaka zanu pa 220. Munthu wa zaka 60 apeza 160. Ngati atakhala phee mtima umagunda ka 80 pamphindi, mpata wapakati ndi 80. Malangizo aja amati gwiritsani ntchito 40 mpaka 70 peresenti ya mpatawo pamwamba pa kugunda kwa popuma, ndiye munthu ameneyu azikhala pakati pa 112 ndi 136, kuyambira kumunsi. Koma masamuwa ndi ongoyerekeza, ndipo amalephereratu kwa amene akumwa atenolol kapena propranolol, chifukwa mankhwalawa amagwira mtima kuti usathamange. Mukamathamangitsa nambala imene mankhwala akuiletsa, mudzadzipweteka. Chimodzimodzi amene mtima wawo umagunda modumphadumpha, mawotchi apamkono amawanamiza. Ine ndimadalira pakamwa. Ngati ndikutha kucheza ndi akazi anga koma sindingathe kuimba nyimbo ya kutchalitchi mpaka kumapeto a mzere, ndili pabwino. Ngati ndikuimba bwinobwino, ndiye kuti ndikusewera. Ngati mawu akuduka awiriawiri, ndapitirira.

Musayambe chilichonse mwa izi dokotala kapena a fiziyo asanaone mtima wanu, ndipo muwafunse malire a BP amene simuyenera kuyamba mafizo ikawapitirira. Kufulumira nakonso si bwino: kafukufuku wamkulu wotchedwa AVERT, wa mu 2015, anapeza kuti kudzutsa odwala kawirikawiri ndi mwamphamvu m'maola 24 oyamba sikunawathandize, ndipo amene anachira bwino anali ochepa poyerekeza ndi amene anadzutsidwa mwa nthawi zonse. Popalasa kapena poyenda musasunge mpweya m'chifuwa pokankha, chifukwa BP imalumpha. Pomaliza musaime mwadzidzidzi, tsitsani liwiro kwa mphindi zisanu, popeza magazi akatsalira m'miyendo chizungulire chimakugwetsani. A shuga adyeko kanthu kaye. Kupweteka kapena kuthina pachifuwa, mutu woopsa wadzidzidzi, kukamwa kupotoka, lilime kulemera kapena dzanzi latsopano, siyani pomwepo n'kupita kuchipatala, osadikira kuti kuche.

Pakali pano ndimapalasa Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, mphindi 30, njinga itaikidwa pafupi ndi khoma kumbali yakumanzere. Lachiwiri ndi Loweruka ndimayenda pabwalo la sukulu ana asanafike, ndipo masiku amenewo sindiwerengera kugunda kwa mtima ayi, ndimayang'ana chidendene kuti chiziyamba kufika pansi chala chisanakhudze. Ndikanakhala kuti ndikuyambanso lero ndi ndalama yogulira chinthu chimodzi chokha, ndikanagula njinga, yampando wotsamira ikanapezeka, ndi kamakina koyezera BP pa ndalama yotsalayo.