Nyimbo za makaseti ndi nyimbo za pafoni, ndani wapambana apa?

Mkangano uwu sutha kuno ku Mzuzu, kaya mu minibasi ya ku Luwinga kaya pa bawo ku Chibavi, madala amati nyimbo zinatha ndi makaseti, ana amati madala angokakamira zakale chifukwa bandulo imawavuta kugula. Ine ndili pakati, zonse ziwiri ndimamvera, ndiye ndiziike pambalipambali koma ndineneretu kuti sizifanana kulemera kwake.

Tiyambe ndi kamvekedwe, apa ana awina ndipo palibe zokambirana. Tengani nyimbo ya Driemo kapena Eli Njuchi muyike pa sipika yabwino, bezi yake yoyera, mawu ali patsogolo, chilichonse chili pamalo pake. Zakale zambiri zimajambulidwa movutikira, situdiyo zinali zowerengeka, ambiri amadalira ya MBC, kenako kunabwera ya a Paul Banda ku Balaka ija, ndiye kaseti ikazungulira mu wailesi miyezi ingapo mawu amayamba kukoka mpaka uitulutse uipotokole ndi bolopeni. Lero mnyamata wa ku Mchengautuwa ali ndi laputopu, maikolofoni imodzi ndi matiresi pakhoma, akutulutsa zinthu zomveka bwino kuposa chimbale chimene anthu amakwerera basi kukajambula ku Blantyre.

Koma pa bandi, eee, apa mpamene ndimakhala mbali ya madala. Alleluya Band inayamba 1978 ndipo anthu amenewo amaphunzira zida limodzi zaka ndi zaka, wa ng'oma amadziwa wa bezi akapuma pati osayang'anana nkomwe. Kalimba, Makasu, ma Blacks a ku Chileka, Zembani ya Soldier Lucius Banda, onsewa ukapita ku shoo umadziwa kuti chimene ukumva chikupangidwa pompo. Ndiye kuno kwathu tisaiwale kuti tinali ndi a Wambali Mkandawire, amene anatisiya mu 2021, munthu amene amatenga kaimbidwe ka Chitumbuka nkukasakaniza ndi jazi mpaka ku South Africa anamupatsa ulemu, nyimbo zake kuti uziimbe pamafunika bandi yoti yakhala pansi kuyeserera, sizongoti DJ tsegula track 4. Body Mind and Soul nayonso inachokera mu Mzuzu momwemuno nkukaimba mpaka ku Ulaya. Pano shoo zambiri za ma urban umalipira geti, woimba akubwera 2 koloko usiku, nyimbo ikulira pa flash ndi mawu ake omwe, iye akungokuwa pamwamba kuti manja m'mwamba Mzuzu, kuzizira kwa Juni kukukulowa m'mafupa, mphindi 25 wathawa. Ineyo zimenezo sindimazitcha shoo.

Sikuti ana onse ali choncho ayi. Namadingo amaimba ndi bandi ndipo mawu ali nawo, Lulu ndi Mathumela gitala amaidziwa, Faith Mussa yekha amakwanira ngati anthu anayi. Chimene chinasintha ndi ndalama. Kale kaseti imagulidwa, kwa OG Issa wogulitsa makaseti uja kumatuluka makatoni, woimba amatha kusunga anyamata 8 nkumawalipira. Pano nyimbo ikatuluka m'mawa, masana ili kale pa WhatsApp komanso anyamata obanitsa nyimbo mumsika aiyika pa memory card, woimba sapezapo kanthu kupatula tindalama ta COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, ndi ma shoo. Ndiye kubwera ku Mzuzu kuchokera ku Lilongwe makilomita opitirira 350 ndi bandi yonse, zida, mafuta, malo ogona, poyerekeza ndi kubwera awiri ndi flash mthumba, promota aliyense asankha flash.

Pa uthenga mpamene anthu amanamizana kwambiri. Madala amati zakale zinali ndi malangizo, zapano nza chikondi ndi mowa basi. Zoona, Lucius Banda amaimba zokhudza anthu osauka ndi andale mopanda mantha, Evison Matafale naye amalasa mpaka imfa yake mu 2001 ali m'manja mwa apolisi inagwedeza dziko. Koma amenewo ndi a nthawi ya matipate. Nthawi ya Kamuzu wailesi inali imodzi yokha, kunali Censorship Board, nyimbo yokayikitsa siimaulutsidwa, ndiye zambiri zimene timati zamalangizo zija zinali choncho chifukwa njira ina panalibe. Komanso a Gide Chalamanda ndi a Allan Namoko sikuti nyimbo iliyonse amalalikira, zina zinali zachikondi ndi zoseketsa basi. Chimene ndimavomereza nchakuti akale amadziwa kubisa mawu, amazungulira ndi mwambi mwana osamva koma wamkulu nkumaseka yekha, pomwe ana ena apano amangotchula chinthu ndi dzina lake uli mu minibasi ndi apongozi.

China chimene madala safuna kumva: zakale zimene tikuzitamazi ndi zimene zinapulumuka. M'ma 90 muja kunatuluka zimbale zambirimbiri za rege ya ku Balaka, kiyibodi yomweyo, ng'oma za makina zomwezo, woimba aliyense kumveka ngati mng'ono wake wa mnzake, ndipo akuluakulu a nthawi imeneyo amadandaula chimodzimodzi kuti ana aononga nyimbo. Zimenezo zinaiwalika, tatsala ndi mpunga wopetapeta, ndiye tikuuyerekeza ndi wa chaka chino umene udakali ndi mankhusu ake. Zoti apano akukopera amapiano a ku Joni ndi afrobeats ya ku Nigeria nzoona, koma rege inachokera ku Jamaica, kwela ya a Kachamba inali ndi mizu ku South Africa, rumba tinatenga ku Congo. Kukopera sikunayambe ndi TikTok.

Za kunja ndingodutsamo mwachangu, chifukwa rock yeniyeni kuno siinamere mizu, madala athu amamvera a Jim Reeves, Don Williams ndi Lucky Dube. Koma nkhani yake ndi yomweyi, magulu a zida ngati Queen anachepa pa ma chart, pano ndi woimba mmodzi ndi produsa, nyimbo zafupika kuti kolasi ifike msanga munthu asanadine ina.

Kufalikira, ana awinanso. Mu 2020 Namadingo atajambula ndi a Chalamanda, agogo a zaka 90, kanema uja anazungulira dziko lonse lapansi, chinthu chimene wailesi yathu siikanatha. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi babatoni yake, chigitala chachikulu cha chingwe chimodzi chija, naye anadziwika kunja chifukwa cha intaneti. Onani bwino apa, zimene zinagwira anthu akunja ndi kaimbidwe kakale, foni inangonyamula.

Ndiye aise ukandifunsa kuti uike ziti mufoni, za m'galimoto ndi pa ukwati tenga zatsopano, zimamveka bwino ndipo anthu amadzuka kuvina. Koma ndalama ya geti ine ndimayamba ndafunsa ngati kukubwera bandi, akati ndi DJ yekha ndimatsala kunyumba, nyimbo yomweyo ndili nayo kale pa memory card.