Tinapita kukazula dzino, adokotala anatulukira zina

Amene mwakhala mukufunsa za kachipatala kaja ka mano ka pulayiveti mtauni muno mu Zomba, ine ndapitako kawiri ndi amalume anga a ku Jali, nde ndikuuzeni mmene ndaonera.

Zoipa kaye. Tinafika 8 koloko koma kulowa cha m'ma 11, benchi imodzi basi anthu mbwee, ena kuima panja padzuwa. Mtengo nawonso ngwa anthu olandira pamwezi.

Koma adokotalawo eeh ntchito amaidziwa. Ife timafuna angozula dzino la kumapeto lomwe limawasowetsa tulo amalume, iwo anavala magolovesi nkuyatsa katochi, kugwira lilime ndi kabandeji kulikokera uku ndi uku, kusuzumira pansi pake, m'masaya, m'nkhama, mpaka kupapasa m'khosi ngati muli mwanabere. M'mbali mwa lilime anapeza kachigamba koyera ngati ka ndalama yachitsulo. Anakapukuta, osachoka.

"Bambo, chimenechi chakhala nthawi yaitali bwanji?"

Amalume akuti kuyambira nthawi yokolola, koma sichipweteka ayi. Adokotala akuti eya, chimenecho nde chikundidetsa nkhawa. Anafotokoza kuti zoyera zina za m'kamwa ndi mafangasi, ukapukuta zimachoka, koma chokakamira chonchi amachitcha leukoplakia, sikuti ndi khansa koma zina mwa izo zimadzasanduka khansa, ndipo chikakhala chofiira ndiye choopsa kuposa choyera. Chilonda cha m'kamwa chikadutsa masabata 3 osapola, akuti osamangochukucha madzi a mchere, pitani akakuoneni.

Apa mpomwe ndinawakondera. Akulu awo a amalume anamwalira ndi chilonda cha m'kamwa chomwe chinadya tsaya lonse, kumudzi ena ankati anawalodza, ena ankati ndi za kumtundu. Nde amalume anangoti phee kenako "adokotala ngati zili za m'magazi ndisiyeni, palibe chochita." Adokotala sanaseke. Anati zotengera zilipodi, matupi amasiyana mphamvu zokonza zomwe zaonongeka m'maselo, mpake anthu awiri amasuta mofanana wina nkudwala wina ayi, ndipo kuli matenda osowa obadwa nawo ngati Fanconi anaemia omwe khansa ya m'kamwa imawagwira akadali achinyamata. Atanena za ma gene amalume anamva majini, anadzidzimuka, ndinachita kuwamasulira kuti ndi timalangizo ta m'maselo tomwe munthu amatengera kwa makolo kkkk. Koma akuti kwa ambiri ma gene amenewo, monga ina yotchedwa TP53 yomwe ntchito yake nkuletsa selo loonongeka kuti lisachulukane, amaonongeka munthu ali wamkulu kale chifukwa cha zomwe zikudutsa m'kamwamo tsiku ndi tsiku. Kenako anafunsa, "achimwene anuwo ankasuta?" Amalume kuyang'ana pansi. Chingambwe ankapichira limodzi kuyambira ali anyamata, kachasu botolo limodzi.

Akuti fodya payekha ndi woipa, mowa pawokha ndi woipa, ukaphatikiza nde kuopsa kwake kumachita kuchulukitsana chifukwa mowa umathandiza poizoni wa fodya kulowerera m'khungu la m'kamwa, komanso thupi limausandutsa poizoni wotchedwa acetaldehyde yemwe amaononga DNA, momwe mumakhala ma gene aja. Fodya woika kumlomo uja amakonda agogo athu naye ali momwemo. Anatchulanso HPV, kachilombo komwe kaja ka khansa ya khomo la chiberekero, kuti mtundu wa 16 umayambitsanso khansa ya kukhosi. Ine ndinakumbukira kuti katemera wake anayamba kumuyesa kwa atsikana konkuno ku Zomba ndi ku Rumphi mu 2013, dziko lonse linayamba 2019, koma sindinkadziwa kuti nkhani yake ikufika mpaka kukhosi.

Ulendo wachiwiri anabaya jakisoni wa dzanzi nkudula kanyama kakang'ono kuti akapime ku Blantyre. Dzino lija analizulanso, bwinobwino.

Pondikwiyitsa mpapa, anati zotsatira pakatha masabata awiri, lero sabata yachisanu, ukaimba foni ya pa risepushoni imangolira, ikayankhidwa akuti "sizinafike, muimbenso Lachisanu." Munthu wamuuza kuti mwina ndi chiyambi cha khansa, kumuimbira wekha kumuuza kuti tikudikirabe kungavute chani?

Nyenyezi ndikuwapatsa 4 pa 5, imodziyo yapita ndi foni. Amalume chingambwe akuti asiya, azakhali akuti anawapeza nacho kuseri kwa nkhokwe dzana. Lachisanu sindiimbanso, ndikwera kabaza ndikafunse pamaso.