Mabatire otayidwa a akalipentala: ntchito ya mmisiri wina wa ku Kamwala

M'chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi a m'nyanja ya Kariba mpaka makina opangira magetsi kumeneko anatsala pang'ono kuimiratu, ambiri a ife muno mu Lusaka tinafika pokhala maola pafupifupi 20 pa tsiku mumdima. Amene anali ndi ndalama anagula sola ndi inveta, pamene ife aphunzitsi, amene mabuku a ana amatidikira usiku kuti tiwachonge, tinkangowerengera makandulo. Nthawi imeneyo alamu anga, omwe amapala matabwa ku Kalingalinga m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, anandipatsa mabatire anayi a makina awo oboolera ndi ochekera amene anali atasiya kutchaja, ndipo anandilozera kwa mmisiri wina wa ku Kamwala amene amaphwasula mabatire otere n'kupanga batire limodzi lalikulu. Batirelo ndaligwiritsa ntchito kwa miyezi yambiri tsopano, moti ndingathe kunena za ntchito yawo popanda kutengeka ndi chisangalalo cha tsiku loyamba.

Malo awo ndi kachipinda kopanikiza kuseri kwa masitolo a nsalu, ndipo munthu wosadziwa angadutse osapenyako. Nditapereka mabatire aja ndinkaganiza kuti ndibwerera mawa lake kudzatenga katundu wanga, koma bambowo anangoseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mukafuna za mawa pitani kwa ena, kuno mudikira milungu itatu." Ndinachoka nditanyansidwa, poti mdima sunali kudikira. Pambuyo pake ndinazindikira kuti ndalama zanga zinalipira milungu itatu imeneyo kuposa china chilichonse.

Batire la 18V la makina a Makita, Bosch kapena DeWalt likatsegulidwa, mkati mwake mumapezeka maselo a lithiamu ooneka ngati mabatire a tochi, ambiri mwa iwo a mtundu wa 18650, dzina limene limangotanthauza kukula kwake: mamilimita 18 m'mimba mwake ndi mamilimita 65 m'litali. Selo lililonse limapereka mphamvu ya 3.6V, ndipo likadzaza limafika pa 4.2V, choncho maselo asanu olumikizidwa mondondozana ndiwo amapanga 18V. Batire la 5Ah (Ah ndi muyezo wa kuchuluka kwa moto umene batire limasunga) limakhala ndi maselo khumi, awiriawiri m'magulu asanu. Chimene sindinkadziwa n'chakuti batire lotere likakana kutchaja, kawirikawiri silinafe lonse. Gulu limodzi lokha ndilo limakhala litatsika kwambiri, ndipo kabolodi koteteza kamakana kulandira moto, maselo ena onse ali abwinobwino. Mwa njira imeneyi akalipentala amataya chuma osadziwa.

Komabe si selo lililonse lotuluka mmenemo limene liyenera kubwerera pa ntchito, ndipo apa m'pamene ndinaona kusiyana kwa mmisiri ameneyu ndi anyamata ena amene amagulitsa mabatire okutidwa ndi tepi m'misika ya m'tauni. Selo lililonse analiyeza palokha. Limene linapezeka pansi pa 2V analiika pambali osalitchaja n'komwe, chifukwa selo likakhalitsa lili lotsika motero, kopa (mkuwa) wa mkati mwake amasungunuka, ndipo polidzutsa mokakamiza akhoza kulumikiza mbali ziwiri zamkati n'kuyambitsa moto tsiku lina munthu ali mtulo. Otsalawo anawadzaza, n'kuwatsitsa pa kamakina koyezera kuti adziwe mphamvu imene akusungabe, kenaka analemba nambalayo pa selo lililonse ndi cholembera chakuda. Atatero anawadzazanso n'kuwasiya pa shelefu milungu iwiri osawakhudza, kuti aone amene akutaya moto okha. Mwa maselo 40 amene ndinabweretsa, 13 anakanidwa. Ena mwa okanidwawo ankaoneka atsopano ndithu, ndipo ndinapempha kuti awonjezeremo awiri kapena atatu kuti batire likule, koma anakana mwaulemu, nati selo limodzi lofooka limakoka anzake onse a m'gulu lake, monga nsomba imodzi yowola imawoletsera dengu.

Pa 27 amene anatsala anasankhapo 24, n'kuwagawa m'magulu atatu a maselo asanu ndi atatu, mosamala kuti gulu lililonse likhale ndi mphamvu yofanana ndi linzake. Polumikiza sanagwiritse ntchito chitsulo chamoto chowotcherera mtovu, chimene chimatenthetsa selo kwa nthawi yaitali n'kuliwononga mkati, koma kamakina kamene kamamata timalamba ta nikelo ndi kuthetheka kwa kamphindi. Anandionetsanso chinyengo chimene chilipo pa timalambato: tambiri timakhala tachitsulo wamba tongopakidwa nikelo pamwamba, ndipo tikakhudzitsidwa pa galainda timatulutsa mbaliwali zambiri, pamene nikelo weniweni satero. Pamapeto pake anaikapo kabolodi ka BMS, kamene kamadula moto batire likadzaza kapena likatsika mopitirira muyezo.

Popeza selo lililonse linatsala ndi mphamvu yozungulira 2,000mAh (kapena kuti 2Ah), batire lonse linatuluka la 16Ah pa 10.8V, kapena kuti pafupifupi 173Wh. Kunyumba kwanga ku Chilenje limayatsa mababu awiri a LED ndi rauta ya intaneti kuyambira madzulo mpaka titagona, ndipo mafoni athu timatchajanso pomwepo. Firiji, ayironi kapena mbaula ya magetsi musaziganizire n'komwe. Anandichenjeza okha ndisanafunse, zimene ndinaziyamikira, poti wamalonda wina akanangovomera kuti atenge ndalama.

Zolakwika zinalipo, ndipo chimodzi chinandikwiyitsa. Batire la magulu atatu limayamba pa 12.6V likadzaza, koma limatsika pang'onopang'ono mpaka kufupi ndi 9V, ndipo rauta yanga, imene imafuna 12V, inkazima n'kudzukanso yokha moto ukayamba kuchepa. Izi mmisiri wodziwa ntchito ngati iwo akanayenera kuziona pachiyambi, chifukwa ndinawauza zimene ndikufuna kulumikizako. Ndinabwerera ku Kamwala kawiri asanaikepo kachipangizo kosunga mphamvu pa 12V, ndipo anandilipiritsa padera. Chachiwiri n'chakuti anandipatsa batire lopanda fyuzi, m'kabokosi ka pulasitiki yopyapyala, ngakhale kuti maselo a makina a akalipentala amapangidwa kuti azitulutsa moto wambiri nthawi imodzi. Selo limodzi la Samsung 25R, mtundu umene umapezeka m'mabatire ambiri otere, limatha kutulutsa 20A mosalekeza, choncho asanu ndi atatu ali pamodzi, mawaya awiri akangokhudzana amafiira nthawi yomweyo. Fyuzi ndinaumirira ndekha, ndipo bokosi lachitsulo anandipangira alamu anga kudzera mwa anzawo owotcherera.

Pa za tchaja anali okhwima, ndipo anachita bwino. Anandigulitsa ya 12.6V yopangidwira lithiamu, n'kundiletsa kotheratu kugwiritsa ntchito tchaja ya batire la galimoto, imene imakwera kupitirira 14V. Ndimatchaja masana ndili pakhomo, batire lili pa simenti kutali ndi makatani, chifukwa moto wa lithiamu ukabuka ndi wovuta kuuzimitsa.

Mtengo wonse, kuphatikizapo tchaja ndi zowonjezera zija, unali wotsika kwambiri poyerekeza ndi batire latsopano la m'sitolo, makamaka poti maselo ndinabwera nawo ndekha. Amene alibe maselo ake n'kufuna kugula batire lopangidwa kale pamalopo, apemphe kuti alitsegule aone nambala zolembedwa pa selo lililonse, ndipo afunsiretu za fyuzi ndi bokosi asanapereke ndalama. Maselo 13 okanidwa aja bambowo sanandibwezere. Anamata tepi kumapeto kwake n'kuwaika m'chidebe cha mchenga, nati sakufuna kumva kuti akathera ku dzala la ku Chunga kumene ana amatolako zinthu. Atatu abwino amene anatsala ndinawasunga m'kabati atadzazidwa theka lokha, monga anandilangizira, kuti adzalowe m'malo mwa lililonse limene lidzayambe kufooka.