Kayaki ya pulasitiki ya munthu mmodzi: pa Shire ndi yabwino, pa mwera imatopetsa

Nyenyezi zitatu mwa zisanu.

Kayaki iyi, kabwato kakang'ono kopalasa ndi nkhafi, ndinagula mu Epulo kwa munthu wina wa ku Lilongwe amene amaitanitsa katundu ku Johannesburg. Ndi ya pulasitiki yolimba, yotalika mamita 3.6, ya mtundu uja munthu amakhala pamwamba pake osati m'kati. Ndayiyesa pa ulendo wa masiku asanu ndili ndekha, kuchokera ku Monkey Bay kutsata gombe, kulowa mu Shire ku Mangochi, kukathera pa nyanja ya Malombe. Ndinanyamuka mu Julayi, mwera uli pachimake. Asodzi a padoko anandiuza kuti mwezi ndasankhawu ndi woipa, ine n'kumangoseka.

Chabwino chake n'chakuti sigubuduzika wamba. Masiku onsewo sindinagwere m'madzi ngakhale kamodzi. Ili ndi timabowo pansi, ndiye funde likakuthira madzi amatuluka okha, osachita kukapa ndi chigubu chodula ngati mmene amachitira a m'mabwato. Pamiyala ndinaikokapo kangapo, yangokandika basi.

Vuto lake lalikulu, ilibe tsigiro, chiwongolero chakumbuyo chija. Wogulitsa anati pa kayaki yaifupi chonchi tsigiro ndi yosafunika. Mwina pa damu. Mwera umachokera kummwera chakum'mawa, ndipo wopita ku Mangochi amayang'anana nawo maso ndi maso. Ukamalimbana nawo chamutu zimathekako, koma gombe likangokhota mphepo n'kukumenya cham'mbali, mphuno ya kayaki imayamba kutembenuka yokha. Nditadutsa Nkhudzi Bay ndinkapalasa kasanu mbali imodzi, kamodzi mbali inayo, kuti ndingoyenda mowongoka. Pofika 10 koloko phewa lamanja linali moto. Ndinakocheza pamudzi wina pamene amayi ankayanika usipa pathandala, ndipo bambo wina wachikulire wosoka ukonde anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, khalani pansi mudye kaye. Nyanja yakana lero." Ndinagona pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo ndinkadzuka 4 koloko m'bandakucha, kupalasa nyanja isanakwiye, masana n'kubisala.

Pa Shire kayakiyi inasanduka ina. Madzi amakukankha okha, bango limatchinga mphepo, ndipo kufupika kuja kumathandiza pozemba namasupuni ndi maukonde. Ndinadutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi ana akukuwa pamwamba, wina akufunsa ngati injini yandithera mafuta. Koma dziwani kuti mumakhala pafupi kwambiri ndi madzi. Mvuu itapuma chapafupi ndi bango mtima unachita kuti phwii, ndipo kuchokera apo ndinkagogoda nkhafi pambali pa kayaki kuti zindimve ndisanafike. Miyendo musalendewetse kunja, ng'ona ziliko.

Malombe ndiye anandiphunzitsa ulemu. Nyanjayi ndi yosaya, moti mphepo ikawomba mafunde ake amakhala aafupi, otsatizana pafupipafupi, amadzi amatope. Kayaki inkangoti phwa phwa pafunde lililonse, liwiro lonse n'kutha. Apa m'pamene chivindikiro cha mosungira katundu kutsogolo, chimene wogulitsa anandilonjeza kuti sichilowa madzi, chinandichititsa manyazi. Nditatsegula madzulo ndinapeza mpunga wafufuma, machesi asanduka phala, bulangeti lili chonyowa. Foni inapulumuka chifukwa ndinaiika m'botolo la chiponde lotsuka bwino. Nditamuimbira wogulitsa anangoti ndidule chubu cha njinga ndimangepo. Zinathandizadi, koma pa ndalama imene ndinalipira sindinkayembekeza kukafuna chubu pamsika.

Nkhafi imene imabwera nayo ndi yachitsulo chopepuka, komabe pofika tsiku lachiwiri m'manja munali matuza. Mpando ulibe chotsamira chenicheni. Ndinkaika jekete lopinda kumsana.

Ndinatsikira kugombe lakumadzulo cha kwa Chimwala, popeza kumunsi kwa Malombe mtsinje umalowa m'nkhalango ya Liwonde, ndipo kumeneko si kolowa wekha ndi kabwato. Kayaki ndinaikweza pa lole ya nsomba yopita ku Liwonde, fungo la kambuzi mpaka lero silinachoke.

Amene mukufuna yosewerera m'mawa ku Cape Maclear kapena yoyendera pamtsinje, gulani, simudandaula. Ya ulendo wautali m'nyengo ya mwera, funsani kaye ngati ili ndi poika tsigiro. Yangayi ilibe, ndiye ndikusaka mmisiri wa maboti ku Mangochi woti andikhomere yathabwa.