Tiyi wochepetsa thupi uja: K18,000 yanga inathera kuchimbudzi

Azimayi anzanga a ku banki mkhonde mwandifunsa mokwanira za tiyi uja, nde ndati ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Ndinagula mu June kwa mayi wina amene amatsatsa pa WhatsApp, dzina sinditchula poti timapemphera mpingo umodzi komanso naye amangooda kwa ena. Bokosi K18,000, muli timapaketi 28, kamodzi usiku uliwonse pokagona. Chinandipangitsa ndi telala, anandiyeza diresi la ukwati wa alamu anga nkundiuza pamaso pa anthu kuti mami nsaluyi siikwana onjezerani mita ina. Ndinachoka pamenepo nkukakwera pa sikelo ya kamnyamata kaja ka pa depoti, 86 kg. Ndinakauza kuti sikelo yako ndiyabodza, iko kanangoti K100 yanga mami.

Zabwino ndinene kaye, ndisakhale ngati wakaduka. Katundu anafika tsiku lomwelo nditangotumiza ndalama, bokosi lake ndi lokongola, ndipo kakomedwe si koipa, kafungo ngati ka mandimu. Ndi kuzizira kwa kuno ku Dedza mu June, kapu yotentha usiku imalowa bwino. Basi zabwino zathera pomwepa.

Tsiku lachiwiri ndinali ndi ulendo wa ku Lizulu kukaoda kachewere ndi kabichi. Tangodutsa pa Bembeke m'mimba munayamba kulira ngati chigayo, ndinayesa kupirira, kukhala chammbali, kupemphera, thukuta kamukamu pomwe anzanga onse avala majuzi. Tisanafike pa Lizulu ndinakuwa kuti adalaivala imani chonde. Kondakitala akuti amayi tatsala pang'ono, ine ndati mwana wanga ukapanda kuimitsa udandaula ndiwe wotsuka galimotoyi. Vuto lake nthawi imeneyo chimanga anakolola kale, minda ili mbee, pobisala palibe, nde ndinathamanga kuwoloka msewu mpaka kuseri kwa chulu, ndipo amene mumaidziwa M1 pamenepo mukudziwa kuti mbali inayo ndi Mozambique. Ndinatuluka m'dziko opanda pasipoti chifukwa cha tiyi kkkk. Pobwera minibasi yonse ili zii, agogo ena nkungoti pepani mayi zimachitika.

Nditawaimbira ogulitsa anati musadandaule madamu ndi zoipa zikutuluka, ndi mafuta amenewo akusungunuka. Ine nkukhulupirira. Sabata yoyamba sikelo inati 83 ndipo ndinasangalala zedi. Koma njala abale! Njala ya tiyi ameneyu si yamasewera, ikamakwana 10 koloko m'mawa manja kunjenjemera, ndipo pomwe ndimagulitsira pali chiwaya pafupi, fungo la tchipisi ndi mang'ina limachita kukupeza pomwe wakhala. Ndimati ndingolawa ya K1,000, kenako onjezerani, kenako zigege ziwiri, kenako Fanta yotsitsira. Pa bokosi analemba kuti amachepetsa chilakolako cha zakudya. Bodza lenileni.

Amene ananditsegula maso ndi mng'ono wanga, amaphunzitsa biology ku sekondale ku Ntcheu. Anabwera sabata yachitatu, anatenga bokosi nkuwerenga timalemba tating'ono takumbuyo tija ine sindinativutikire, nkundilozera mawu oti senna. Akuti achemwali awatu ndi masamba otsegula m'mimba, omwe aja amapatsa munthu wodzimbidwa. Amagwira ntchito m'matumbo aakulu, kumapeto, pomwe chakudya thupi layamwa kale m'matumbo aang'ono, nde chomwe mukutaya ndi madzi ndi mchere wa m'thupi, mafuta ali pomwepo akukuonerani. Nkuwonjezera kuti njala simakhala m'mimba ayi, imakhala m'mutu.

Ndinaseka, koma anandikhazika pansi ndi nkhani ya makoswe, ndipo ndi imene yandipangitsa kulemba zonsezi. Kunja amaweta makoswe oyera oyeserapo zachipatala, osati athu akuba chimanga m'nkhokwewa. Mu 1940 ku Chicago, akatswiri awiri Hetherington ndi Ranson anawononga kachigawo kakang'ono pansi pa ubongo wa khoswe, malo otchedwa hypothalamus. Makoswewo anayamba kudya osaleka mpaka kunenepa ngati mtsuko, mimba yomweyo, chakudya chomwecho, changosintha ndi kadontho ka mu ubongo. Mu 1951 ku yunivesite ya Yale, Anand ndi Brobeck anawononga chammbali mwa malo omwewo, ndipo zinatembenuka, khoswe kukana kudya mpaka kufa ndi njala chakudya chili pamphuno. Apa ndinasiya kuseka.

Ndiye ubongowo umadziwa bwanji kuti wakhuta kapena ayi? Akuti thupi limautumizira mauthenga kudzera m'magazi. Mafuta a m'thupi amatulutsa homoni yotchedwa leptin, anaitulukira Jeffrey Friedman ndi anzake ku Rockefeller University ku New York mu 1994, pofufuza mbewa zina zonenepa modabwitsa zomwe zimabadwa zopanda homoniyi (mbewa zimenezo atazipeza anyamata ogulitsa pa mpani m'mbali mwa msewuwa bwenzi atalemera). Leptin amauza ubongo kuti nkhokwe yadzaza, chepetsa kudya. Palinso mtundu wa makoswe onenepa otchedwa Zucker, iwowa leptin ali naye wambiri koma ubongo wawo sumumva, ngati kuimbira foni munthu amene wathimitsa, ndipo anthu ambiri onenepafe leptin tili naye wochuluka, kungoti uthenga sukufika bwino. Kwinaku mimba ikakhala yopanda kanthu imatulutsa ina, ghrelin, imeneyi anaipeza ku Japan mu 1999 m'mimba mwa khoswe, ntchito yake ndi kukuwa kuti idya. Ukamadzimana chakudya nkuyamba kutsika, leptin amatsika ghrelin nkukwera, ubongo umaona ngati kwagwa chilala. Ine ndinkadumpha kadzutsa dala kuti ndithandizire tiyi, kumeneko kunali kudziputira.

Koma yomwe inandilasa ndi ya 2010 ya Paul Johnson ndi Paul Kenny ku malo a kafukufuku a Scripps ku Florida. Anatenga makoswe abwinobwino, ubongo osaukhudza, nkuwapatsa soseji, nyama yankhumba yamafuta, keke, chokoleti, pafupifupi tsiku lonse kwa masiku 40. Ananenepa msanga, ndipo mbali ya ubongo imene imamva kukoma, yogwira ntchito ndi kemikolo ya mu ubongo yotchedwa dopamine, inayamba kufooka, nde kuti amve kukoma komwe kuja amafunika kudya zambiri. Anawaphunzitsa kuti kagetsi kena kakayaka ndiye kuti kukubwera shoko ya magetsi kumapazi. Makoswe odya chakudya chawo cha masiku onse kakayaka amasiya kudya, koma onenepa aja amangopitiriza, shoko ibwere isabwere. Atawalanda zonona zija nkuwabwezera chakudya wamba ananyanyala, pafupifupi masabata awiri akungochinunkha. Ndinadziona ndekha pa chiwaya paja, a nesi anandiuza kale za BP, mawondo akuwawa pokwera kamtunda kopita kunyumba, koma ine ndili onjezerani ya K500. Ndipo nsima ya bonongwe kunyumba ndimangoitola ngati ndadwala.

Mng'ono wanga anachenjeza yekha kuti munthu si khoswe, ife tili ndi maukwati, maliro, nkhawa za fizi, komanso apongozi amene amati ukaonda ndiye kuti mwana wawo sakukusamala. Koma mahomoni aja ndi omwewo. Ndi chifukwa chake mankhwala enieni ochepetsa thupi ngati jakisoni wa semaglutide, amene ambiri amamudziwa kuti Ozempic kapena Wegovy, amakagwira ku ubongo komweko potengera homoni ya m'matumbo yotchedwa GLP-1 yomwe imanena kuti wakhuta. Amenewo ndi a dokotala ndipo mtengo wake si wa ife ogulitsa kabichi. Kapaketi ka masamba otsegula m'mimba sikafika nkomwe kumeneko.

Ndinasiya pa kapaketi ka 21. Patangotha masiku anayi sikelo inabwerera pa 86 ndendende, kuonetsa kuti 3 kg ija anali madzi, kuwonjezera apo ndinadzimbidwa masiku atatu poti matumbo anali atazolowera kukankhidwa. Pano m'mawa ndimadya phala la mgaiwa la nsinjiro kapena dzira ndi mbatata, masana nyemba, ndipo benchi yanga ndinaisunthira kumtunda komwe mphepo siibweretsa fungo la chiwaya. Tchipisi ndimadyabe Loweruka, sindinama. Miyezi iwiri ndatsika 2 kg yokha, diresi lija telala anaonjezera mita yake ndipo ndinavina nalo bwinobwino.

Pa nyenyezi zisanu ndikupereka imodzi, ya bokosi, poti ndikusungiramo singano ndi mabatani. Amene muli ndi BP kapena shuga, oyembekezera ndi oyamwitsa, musayerekeze nkomwe. Dzulo mayi aja anditumizira uthenga kuti madamu mwasowatu, kwabwera wina wamphamvu kuposa uja, K25,000 koma inu ndikuchotserani. Ndawayankha kuti timapaketi 7 tatsala tija ndibwera nato ku kwaya Lachinayi, amwe okha kenako tikwere limodzi minibasi ya ku Lizulu.