Kasinja wa Tiger I wa 1/16: ndi wabwino, koma matayala ake amafuna kuleza mtima

Ndikumupatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Uyu ndi Tiger I wa mtundu woyambirira, kasinja wa Germany wa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, koma wa pulasitiki, wochepetsedwa ka 16 (1/16), womanga wekha ndipo alibe injini. Kasinja weniweni anali wotalika mamita 8.45 kuphatikiza mfuti yake ya 88 mm, choncho wanuyu akatha amafika masentimita 53, m'lifupi 23. Yezani kaye pomwe mudzamuike.

Pulasitiki yake ndi yokhuthala bwino, ndipo mizere yosonyeza powotcherera zitsulo inatuluka mooneka. Koma pa kukula kotere palibe chobisika. Kamzere kachikombole kamene pa 1/35 diso limangodutsa, pano kamaonekera patali. Paipi ya mfuti inabwera m'zidutswa ziwiri zogawika m'litali. Imateni ndi guluu wamadzimadzi, finyani mpaka pulasitiki yosungunuka itatumphuka pamsoko, muisiye maola 24. Kenaka kwechani ndi sandipepa wa 400, 600 mpaka 1000, mutamukulunga mozungulira paipiyo. Mukakwecha mbali imodzi yokha, paipi imaphwatalala ndipo penti sangabise zimenezo. Amene angathe agule paipi ya aluminiyamu.

Denga la thupi lake ndi lalitali, ndiye limabwera lopindika pang'ono. Liyeseni lopanda guluu, kenaka matani pang'onopang'ono kuchokera kutsogolo, masentimita asanu nthawi imodzi, mukugwiriza ndi tepi.

Ntchito yeniyeni ili kumatayala. Mbali iliyonse ili ndi ma axle 8 ndi matayala 24 olowana ngati zala za manja opinga, onse pamodzi 48, lililonse ndi mkombero wake wa labala. Buku la malangizo limakuuzani kuti muwamange msangamsanga, ndipo apa ndi pomwe ndachotsera nyenyezi. Mukawamanga musanapente, amkati simudzawafikiranso, pulasitiki yoyera izidzasuzumira pakati pawo. Pentani tayala lonse mtundu wakuda wotuwirako, osati wakuda bii, pakuti labala wogwira ntchito sakhala wotero. Likauma, phimbani mkombero ndi chibowo chozungulira chofanana ndi chitsulo chapakati n'kupopera chikasu. M'mabowo olowa axle tsekani ndi kapepala, chifukwa penti akalowamo tayala limathina, ndipo mukalikakamiza mkono wogwira axle umathyoka. Musadabwe kuona mikonoyo ikuloza kutsogolo mbali ina, kumbuyo mbali inayo. Ndi mmene analili weniweniyo. Poimata, ikani thupi pagalasi kuti matayala onse agunde pansi mofanana.

Matcheni ndi a chidutswachidutswa, pafupifupi 96 mbali iliyonse, ndipo m'lifupi ndi mamilimita 45. Mapini ake ndi osalimba kwenikweni. Pitsani kabowolero kakang'ono m'bowo lililonse musanalowetse pini. Tiger analibe timatayala tonyamula tcheni pamwamba, choncho tcheni liyenera kutsika kuchokera ku gudumu la mano n'kugona pamatayala. Likakhala njo m'malere, onjezani chidutswa chimodzi.

Za penti, musaumire. Tsukani zidutswa ndi madzi a sopo, popererani pulaima, mudikire tsiku lathunthu. Kuyambira February 1943 akasinja a Germany ankatuluka m'fakitale ali achikasu choderako, chimene nambala yake pa mndandanda wa mitundu ya penti ndi RAL 7028, ndipo asilikali ankawonjezera okha obiriwira RAL 6003 ndi ofiirira RAL 8017 ali kunkhondo. Mwa penti wa Tamiya, XF-60, XF-61 ndi XF-64 ndi amene ambiri amagwiritsa ntchito. Wachikasu gulani mabotolo atatu a 23 ml, enawo limodzilimodzi likwana. Sungunulani theka penti theka thina (mankhwala osungunulira penti), mphepo ikhale pa 15 mpaka 20 psi, kamwa la airbrush (chopoperera penti) likhale la 0.5 mm. La 0.2 mm limachedwa, ndipo pamalo aakulu chonchi penti amaumira m'malere n'kugwa ngati mchenga. Kupopera kopyapyala katatu kumaposa kamodzi kokhuthala. Zimmerit, phala limene ankapaka pathupi la kasinja kuti mabomba a maginito asamatirire, musamupake: linayamba kuikidwa theka lachiwiri la 1943, akasinja oyambirirawa atatuluka kale.

Zizindikiro zomata ndi madzi ndi zokhuthala. Pakani vanishi wonyezimira pansi pake, apo ayi mpweya umatsalira m'kati ndipo m'mphepete mumayera. Pothira penti wamadzimadzi wa enamel wodetsa m'makona, samalani kwambiri ndi matcheni ndi mikono ya matayala, chifukwa thina wake amafooketsa pulasitiki mpaka mapini kuduka okha. Kumeneko gwiritsani ntchito wa acrylic kapena ufa wa penti.

Wofuna choonera kakhalidwe ka zida ayang'ane zithunzi za Tiger 131, amene anagwidwa ku Tunisia mu April 1943 ndipo ali kumalo osungirako akasinja akale ku Bovington, ku England, chifukwa ndi wa mtundu womwewu. Amene sanamangepo kasinja ayambe ndi wa 1/35. Koma amene anazolowera airbrush ndipo ali ndi tebulo lalikulu, bokosili ndi loyenera ndalama zake.