Nyongolotsi, spinner kapena pulasitiki: nyambo iti imagwira smallmouth bass mu Breede ndi Olifants?

Ife amene tinakulira m'mphepete mwa mitsinje ya kwathu timadziwa nyambo imodzi basi: kukumba nyongolotsi kudimba, kuziponya m'chitini cha dothi lonyowa, kunyamula ndodo ya nsungwi, ulendo. Nzeru yomweyo ndi imene ndinapita nayo ku mtsinje wa Breede nditayamba ntchito pafamu ina ya mphesa kufupi ndi Robertson, kuno ku Western Cape. Masabata atatu oyamba ndinkabwerera ndi milamba yokhayokha, mwa apo ndi apo carp. Chonsecho patsidya pankaima mnyamata wina wopanda chitini, wopanda pokhala, akungoponya n'kumakoka, koma akuvuula nsomba zamtundu wa mkuwa zimene zinkadumpha m'mwamba ngati zaponda moto. Zimenezo ndiye smallmouth bass. Kuyambira tsiku limenelo ndawononga marandi ambiri kuposa amene mayi a kunyumba akuwadziwa.

Nsombayi si ya kuno. Kwawo ndi ku North America, m'chigawo cha Great Lakes ndi mitsinje ya Ohio, Tennessee komanso kumtunda kwa Mississippi. Ku South Africa inafika mu 1937, anaisweretsa ku Jonkershoek pafupi ndi Stellenbosch, kenako n'kuimwaza m'mitsinje ya Berg, Breede ndi Olifants. Musaisokoneze ndi mbale wake largemouth wa m'madamu a pafamu. Itsekeni kukamwa muone: chibwano cha smallmouth chimathera pansi pa diso, sichipitirira kumbuyo. Diso lake ndi lofiirira, ndipo m'nthiti muli mizere yakuda yotsika pansi. Largemouth imakonda madzi odekha a m'mabango. Smallmouth imafuna miyala ndi madzi oyenda. Imabisala kuseri kwa mwala, mutu italozetsa kumene madzi akuchokera, kudikira kuti mtsinje uibweretsere chakudya. Ndiye nyambo iliyonse ine ndimaifunsa mafunso awiri: ikutha kufika kuseri kwa mwalako monga chimafikira chakudya chenicheni? Nanga ikakodwa pomwepo, ndilira ndalama zingati?

Nyongolotsi sindingainyoze. Ndi yaulere, ndipo bass imadya. Kolani imodzi yathunthu pambedza yaing'ono, finyirani kamtovu pachingwe chapamwamba pang'ono, muisiye itengeke ndi madzi mpaka igwere m'dziwe, mudzagwira ndithu. Vuto ndi loti mu Breede ndi mu Berg muli alendo enanso. Mlamba weniweni wa kwathu uja ulimo, unachita kubwera ndi anthu, ndipo pamodzi ndi carp umamva fungo patali n'kufika msanga. Ngati mwapita kukafuna ndiwo, palibe chodandaula, mlamba ndi mlamba, kauwambeni. Koma ngati mwatsata bass, dzuwa lilowa mukupukuta zonanda pachingwe. Mlamba ukachedwa, nkhanu ndiye zimabudula nyongolotsiyo pang'onopang'ono inu mukuganiza kuti nsomba ikudya. Chinanso, bass imameza nyongolotsi mpaka kummero, moti kakang'ono kamene mumafuna kukabwezera m'madzi kamafera m'manja. Koma choipa chachikulu cha nyongolotsi n'chakuti imakukhazikani pansi. Mumapeza mthunzi, mumazika ndodo, mumadikira. Bass ya mumtsinje siyendera munthu wokhala. Mumachita kuilondola mwala ndi mwala.

Spinner ndiyo inandidzutsa pamthunzipo. Ndi kawaya kokhala ndi kachitsulo konga supuni kamene kamazungulira mukamakoka, kumapeto kuli mbedza ya mano atatu. Yodziwika kwambiri ndi Mepps Aglia, imene inapangidwa ku France mu 1938 ndipo mpaka lero sinasinthe kwenikweni. Nambala 2 kapena 3 ndi imene imakwana mitsinje yathuyi. Palibe chophunzira chambiri: ponyani chopingasa mtsinje, chakumtunda pang'ono, kokani mwakachetechete mongokwanira kuti supuniyo izungulire, mudzamva ikunjenjemera m'dzanja. Malo achilendo mumawadziwa msanga ndi spinner, chifukwa pa ola limodzi mumakhala mwasesa madzi amene wa nyongolotsi sangawamalize tsiku lonse. Mwana kapena mlendo amene sanagwirepo reel, chokulungira chingwe chija, m'patseni imeneyi.

Zofooka zake zili zitatu. Imapota chingwe, moti popanda swivel, kachitsulo kozungulira kolumikiza chingwe ndi nyambo, mumatha theka la tsiku mukumasula mfundo. Imakonda kuitana tiana, tija tosakwana chikhatho, pomwe zikuluzikulu zimangoitsatira n'kubwerera zikafika pamapazi anu. Ndipo mano atatu aja sakhululuka: palmiet, chomera chonga udzu cha m'mphepete, nthambi za black wattle zogwera m'madzi, ndere, chilichonse imakola. Spinner imayenda pakati pa madzi. Mukaitsitsa pansi pomwe pali nsomba zenizeni, mwaitaya.

Pansipo ndi pomwe nyambo yabodza ya pulasitiki yofewa imapambanira zonse, ndipo pano ndikhalitsapo. Mukaonera mavidiyo a ku America pa YouTube, aliyense amangoti crayfish, crayfish, kanyama ka m'madzi konga nkhanu koma kotalika thupi, chifukwa kwawoko chimenecho ndiye chakudya chachikulu cha smallmouth. Mitsinje ya mu Africa muno ilibe crayfish zachilengedwe. Chimene chimakwawa pansi pa miyala ya Breede ndi Olifants ndi nkhanu, ana a tombolombo ndi mbululu. Tsiku lina ndinatumbula bass yoposa kilogalamu pang'ono, m'mimba ndinapezamo nkhanu ziwiri zazing'ono, imodzi ikadali yathunthu ndi mapanda ake omwe, chigoba chitangoyamba kufewa. Kuyambira pamenepo ndinaleka kufunafuna nyambo zooneka bwino m'sitolo. Ndimafuna kanthu kabulauni kapena kobiriwira moderapo, kamtundu umene pamapaketi amalemba green pumpkin, kotalika ngati chala cha mkombaphala, koti kagwe pansi n'kumakwawa.

Kamangidwe kamene ndimadalira ndi kamene amati Ned rig, dzina lochokera kwa Ned Kehde, msodzi wa ku Kansas amene anakatchukitsa. Ndi kachidutswa ka pulasitiki ka masentimita 7, kosaoneka ngati chilichonse, kovekedwa pambedza ya mutu wa mtovu wolemera magalamu awiri kapena atatu. Ya Z-Man yotchedwa TRD imayandama, choncho mutu ukagunda pansi mchira umaima chilili, ngati nkhanu yokweza mapanda kapena kansomba kojompha ndere. Mapulasitiki ena, tube yobowoka m'kati ndi grub ya mchira wopiringizika, amagwiranso ntchito yomweyo. Mumaima kumunsi kwa mwala, kuponya kumtunda, kukweza nsonga ya ndodo, n'kumakulunga chingwe chimene chikulendewera pamene madzi akukubweretserani nyamboyo. Simuikoka ayi, mtsinje ndiwo umaiyendetsa. Mudzamva tiki, tiki, mutu ukugunda miyala. Kenako tiki uja amasowa, kapena chingwe chimayamba kuyenda chokha chopingasa madzi. Pamenepo kwezani ndodo mosakalipa. Mbedza zake ndi zopyapyala, zimalowa zokha.

Ine ndinaphunzira molipira. Ulendo woyamba ndinagula mitu ya magalamu 7 poganiza kuti yolemera ndiyo ifike pansi msanga. Inafikadi, n'kukhazikika komweko. Pofika 10 koloko m'mawa ndinali nditadula isanu ndi umodzi, nsomba ayi. Mutu woyenera ndi wopepukitsitsa umene ungathe kukhudza pansi mwa apo ndi apo osazikika. Ukakodwa musalimbane nawo. Gwirani chingwe ndi chala pakati pa reel ndi mphete yoyamba, chikokeni ngati uta n'kuchitaya mwadzidzidzi, nthawi zambiri umasomphoka. Ukakana, yendani chakumtunda mukaukokere kumene unalowera. Ndipo ukaduka, mwataya ndalama yochepa, osati ya ndiwo za sabata. Chenjezo limodzi: pulasitiki ya Z-Man musaisakanize ndi mapulasitiki a makampani ena m'bokosi limodzi. Zimasungunulana. Ndinatsegula bokosi langa litakhala sabata m'chipinda chotentha cha malata, ndinapeza phala lokhalokha.

Chimene pulasitiki imalephera ndi liwiro. Ndi nyambo ya munthu wodekha, ndipo mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ija ikayamba kuwomba m'chilimwe, chingwe chimachita uta ndipo simumvanso kalikonse. Madzi akakhala amatope, nsomba siiona, pomwe spinner imamveka ngakhale mumdima.

Nsomba zabodza zolimba, monga Rapala imene Lauri Rapala anayamba kusema ku Finland mu 1936, zimagwira zikuluzikulu kuposa spinner, makamaka yoyandama ya masentimita 7 kapena 9 mukamaigwedeza n'kuima, kugwedeza n'kuima. Koma mtengo wa imodzi mungagule paketi ya pulasitiki ndi mitu yake, ndipo munthu amene akuopa kutaya nyambo saponya pomwe pali nsomba. Amaponya poyera, pabwinobwino, popanda kanthu. Ndili nayo imodzi, ndimaitulutsa pamadziwe aatali opanda mitengo.

Za pamwamba pa madzi ndi nkhani ina. Popper, nyambo yoyandama imene imathovula madzi mukaigwedeza, kapena kaja ka Heddon Tiny Torpedo kokhala ndi chopukusa kumchira sizigwira tsiku lonse. Nthawi yake ndi m'bandakucha ndi chisisira, kuyambira December mpaka March madzi akatsika n'kufunda. Koma pa theka la ola limenelo palibe chofanana nazo. Mwaponya pansi pa nthambi, mafunde atha, mwagwedeza kamodzi, phu! madzi aphulika. Aliyense amatsomphola ndodo nthawi yomweyo ndi mantha, nyambo n'kuuluka kudutsa kukhutu. Dikirani mumve kulemera kaye. Ndimadziwa zimenezi, komabe mpaka pano ndimaphonya theka.

Fly, nyambo ya nthenga kapena ubweya womangidwa pambedza, ndingoitchula. Clouser Minnow, imene Bob Clouser anaimanga mu 1987 pofuna smallmouth za mu mtsinje wa Susquehanna ku Pennsylvania, imagwira bwino kwambiri kunonso, ndipo amene amadziwa kuponya amatichititsa manyazi madzi akayera. Koma ndodo yake, chingwe chake ndi miyezi yophunzira, pamalipiro a pafamu, ndi zoti muyambe mwaganiza.

Nyengo nayo imasankha yokha. Kuno mvula imagwa m'nyengo yozizira, June mpaka August, mitsinje imasefukira n'kufiira, ndipo kuyenda pamiyala n'kuika moyo pachiswe. Nthawi imeneyo ngati mwaumirira, ndi nyongolotsi m'malo odekha a m'mphepete. September ndi October madzi akayamba kufunda kufika madigiri 15 mpaka 18, bass zimakonza zisa pamiyala ing'onoing'ono, yaimuna n'kumalondera mazira, ndipo chilichonse chodutsa pafupi imachimenya, spinner kapena Rapala. M'chilimwe madzi amachepa n'kuyera ngati galasi, nsomba imakuonani musanaione. Apo ndi pulasitiki masana, popper madzulo, chingwe chopyapyala chopirira kulemera kwa mapaundi 6 kapena 8, malaya osawala, ndi kuyenda chokwera mtsinje kuti muziifika kumbuyo.

Musayembekezere zimphona. Yaikulu kwambiri imene inalembedwapo padziko lonse, ya makilogalamu 5.41, anaigwira David Hayes mu 1955 ku Dale Hollow, ndipo limenelo ndi damu, m'malire a Kentucky ndi Tennessee. Kuno zikuluzikulu amazitsata ku Clanwilliam Dam ndi maboti. Mumtsinje, ya theka la kilogalamu ndi yabwino, ya kilogalamu ndi yojambulitsa. Koma ya theka yomweyo m'madzi othamanga imakoka moti mungalumbire kuti mwakola mpasa wa mu Bua.

Achimwene, musanapite mukhale ndi laisensi yowedzera m'madzi opanda mchere yochokera ku CapeNature, bungwe la boma loteteza zachilengedwe kuno ku Western Cape, ndipo kumbukirani kuti magombe ambiri ali m'mafamu a eni. Pemphani kaye. Ife obwera sitifunika kupatsa munthu chifukwa choitanira apolisi. Bass yamoyo musainyamule kupita nayo kumadzi ena, malamulo amaletsa, ndipo chifukwa chake chimaoneka mu Olifants. Nsomba imeneyi inamaliza ana a Clanwilliam yellowfish, sawfin ndi tinsomba tofiira zipsepse totchedwa redfin m'madera ambiri, mpaka mu 2012 a CapeNature anathira mankhwala a rotenone pa mtunda wa makilomita anayi a kamtsinje ka Rondegat ku Cederberg kuti aichotse, nsomba za komweko n'kuyamba kubwerera. N'chifukwa chake ine sindichita manyazi kutenga bass ziwiri zitatu za ndiwo, ngakhale a mipikisano amene amabweza iliyonse amandiyang'ana cham'mbali. Mnofu wake ndi woyera, minga yochepa, yokazinga imayenda bwino ndi nsima. Koma yellowfish ikakodwa, ndipo mu Olifants imakodwadi pa spinner, imeneyo ibwerere msanga. Apanso mbedza imodzi ya pulasitiki imaposa mano atatu: finyani kandevu ka mbedzako ndi pulayala, nsomba mumaimasula ili m'madzi momwemo.

Loweruka likubwerali m'kachikwama kanga mukhala paketi imodzi ya green pumpkin, mitu khumi ya magalamu awiri ndi theka, Mepps nambala 2 imodzi yofufuzira, ndi popper yodikira dzuwa lipendeke. Chitini cha nyongolotsi ndinyamulabe, chifukwa mlamu wanga akuti abwera nawo, ndipo iye ndiye amafuna mlamba.